Woyendera Milatho ndi Mpando wa Mlongo Wake

Panali munthu wina woyendera milatho, dzina lake Lufeyo. Boma linamupatsa chigawo chake cha msewu waukulu, ndipo milatho yonse ya m'chigawocho inali m'manja mwake. Anthu ambiri mlatho amaudziwa pamwamba, pomwe pamadutsa magalimoto. Iye ankaudziwa kunsi kwake, komwe kumakhala mileme ndi zisa za anamzeze. Ankavala majombo, n'kutenga nyundo ndi nsungwi yaitali, n'kutsetsereka m'bango mpaka kulowa m'madzi. Nyundoyo ankagogodera simenti kuti amve ngati mkati muli mphako. Nsungwiyo ankapimira pansi pa mizati kuti adziwe ngati madzi akumba. Akapeza mng'alu, kapena chitsulo chodyeka ndi dzimbiri, ankalemba lipoti n'kutumiza kulikulu. Anagwira ntchito imeneyi zaka zambiri, ndipo ankaigwira bwino.

Koma boma silinkadalira maso a munthu mmodzi. Linaika lamulo lakuti pamwamba pa oyendera milatho onse pakhale woyang'anira. Ntchito ya woyang'anirayo inali yotsatira m'mapazi mwa anzake. Ankafika pa mlatho umene wina wauyendera kale, n'kulowanso yekha kunsi, kuti aone ngati zimene zalembedwa ndi zimene zilipodi. Akakhutira ankasaina, ndipo magalimoto ankapitiriza kudutsa. Akapanda kukhutira anali ndi mphamvu yotseka msewu. Lamuloli linali lanzeru, pakuti munthu amatopa, amakalamba, ndipo tsiku lina amakhala pa changu.

Lufeyo anali ndi mlongo wake wamng'ono, Elube. Bambo awo atamwalira, Lufeyo ndiye anamulera. Elube anali wanzeru m'kalasi, ndipo anaphunzira mpaka kukhala injiniya. Boma litamulemba ntchito, linamutumiza kwa mchimwene wakeyo kuti akazolowere. Choncho ndi Lufeyo amene anamulowetsa koyamba kunsi kwa mlatho. Anamuphunzitsa kumvetsera kulira kwa nyundo. Anamuphunzitsa kuti mng'alu wopingasa ndi wina, wotsika ndi winanso. Anamuphunzitsa kuti mzati uzipimidwa kumbali yomwe madzi amachokera, chifukwa ndi kumene mtsinje umayambira kudya. Masiku amenewo Lufeyo ankanyada. Anthu akamuona Elube ankati, "Uyu ndi mlongo wake wa Lufeyo," ndipo Lufeyo ankamva kukoma.

Patapita zaka, woyang'anira wakale anapuma pa ntchito. Aliyense ankaganiza kuti mpandowo upita kwa Lufeyo. Anzake a ku ofesi anayamba kumutchula bwana moseka. Mkazi wake anayamba kuuza anansi kuti mwina asamukira kumzinda. Lufeyo mwini anapita kwa telala kukasoketsa suti.

Boma litalengeza, dzina linali la Elube.

Lufeyo anamuimbira foni tsiku lomwelo kumuyamikira. Mawu ake anali oyenera, koma m'kamwa mwake munali mowawa ngati watafuna tsamba la nimu. Suti ija anaipachika kuseri kwa chitseko, ikadali m'pulasitiki.

Kuyambira pamenepo zinthu zazing'ono zinayamba kumubaya. Ku maliro a amalume awo, wolandira alendo anamulozera anthu n'kunena kuti, "Awa ndi achimwene awo a bwana a milatho." Mayi awo okalamba akamacheza ndi anzawo, nkhani inali Elube, galimoto ya Elube, dalaivala wa Elube. Anyamata amene Lufeyo anawaphunzitsa ntchito ankaimirira pamipando yawo Elube akangoimba foni, ngakhale kuti sankawaona. Lipoti lililonse limene Lufeyo ankalemba linkakathera pa tebulo la mwana amene iye anamugulira yunifolomu yoyamba.

Elube sanamulakwire kanthu. Akabwera kunyumba ankagwadabe popereka moni. Ankabweretsa shuga, sopo, ndi chitenje cha alamu ake. Ankamufunsabe nzeru pa milatho yovuta. Koma mphatso iliyonse inkamuotcha Lufeyo m'manja, ndipo funso lililonse ankalimva ngati chipongwe. Elube akanakhala wodzikweza, Lufeyo akanapeza poimika mkwiyo wake. Kudzichepetsa kwakeko ndi kumene kunkamupweteka koposa, pakuti kunkamusiya ndi kaduka kopanda chifukwa.

Mkazi wake anaona kuti mwamuna wake wasintha. Tsiku lina ali pakhonde anamuuza kuti, "Abambo, ameneyu ndi magazi anu. Akakwera iye, mwakwera ndinu."

Lufeyo anayankha kuti, "Amene wakwera ndi amene ali pamwamba. Makwerero amatsala pansi."



M'chigawo cha Lufeyo munali mlatho wina waukulu, umene anthu ankautchula wa pa Mkuyu. Unali ndi mizati itatu, ndipo wapakati unkaima m'madzi chaka chonse. Pamlathopo pankadutsa malole a feteleza ndi a chimanga, maminibasi, odwala opita kuchipatala cha paboma, ndi ana asukulu. Njira ina yowolokera mtsinjewo inali kutali kwambiri.

M'chilimwe cha chaka chimenecho, dzuwa litakwiya ndipo mtsinje utatsika, Lufeyo anapita kukauyendera. Anapima mzati woyamba, unali bwino. Anapima wachitatu, unali bwino. Kenako analowa m'madzi mpaka m'chiuno, nafika pa wapakati. Anazika nsungwi kumbali yomwe madzi amachokera. Nsungwi inalowa osagunda kanthu. Anaikankha mopendeka, ndipo inapita kunsi kwa maziko mpaka dzanja lake linamira. Anazungulira, napimanso. Mtsinje unali utakumba mchenga pansi pa mzati, n'kusiya phanga. Mzatiwo unkaoneka wolimba pamwamba, koma unali utaima ngati dzino limene nkhama zalithawa.

Lufeyo anadziwa tanthauzo lake. Anatuluka m'madzi mofulumira, nakwera kumtunda, natulutsa foni kuti auze a kulikulu kuti msewu utsekedwe kwa magalimoto olemera. Koma munthu woti amuimbire anali Elube. Anayang'ana dzinalo pafoni kwa nthawi. Kenako anakhala pansi pa mkuyu.

Mumtima mwake anati, "Ndikanena, atseke msewu ndi iye. Wailesi itchule iye. Akuluakulu agwire chanza cha iye. Ine ndidzangokhala munthu uja ananyowa."

Anaganizanso kuti, "Sabata yamawa akubwera kudzatsatira m'mapazi mwanga. Alipeze yekha phangalo. Si ndiye bwana? Akalipeza, chabwino. Akaliphonya n'kusaina, ine ndidzadikira msonkhano wa kulikulu. Ndidzaimirira pamaso pa onse n'kunena kuti ndinabwereranso mwa khama langa, ndipo ndapeza chimene woyang'anira sanachione. Pamenepo adzadziwa amene anayenera mpando."

Anayang'ana kumwamba. Kunalibe mtambo ngakhale umodzi. Anadziuza kuti mvula ikadali kutali, ndipo mzati umene waima mpaka lero ungaimenso milungu ingapo. Sankafuna kuti munthu afe. Ankangofuna kuti mlongo wake achite manyazi. Anabweza foni m'thumba, ndipo atafika ku ofesi analemba kuti mlatho wa pa Mkuyu uli bwino.

Sabata yotsatira Elube anafika. Anali atayenda m'zigawo zambiri, nkhope yake itada ndi dzuwa, maso atatopa. Anapereka moni kwa mchimwene wake mwaulemu monga mwa masiku onse. Awiriwo anayenda pamwamba pa mlatho, naona zitsulo za m'mbali ndi polumikizira simenti. Kenako Elube anakhala kumbuyo kwa galimoto n'kuyamba kuvala majombo. Atavala jombo imodzi, anadzutsa mutu.

"Achimwene, kunsiku munalowako?"

"Ndinalowako."

"Nanga mzati wapakati?"

Lufeyo anayang'ana kumadzi. "Uli bwino," anatero.

Elube anavula jombo ija n'kuiponya m'galimoto.

"Kwa ena onse ndimalowa ndekha," iye anati. "Koma pamene mwapima inu, ine ndikapimenso chiyani? Zonse zimene ndimadziwa ndinazitenga kwa inu."

Izi Lufeyo sanaziyembekezere. Iye ankafuna kuti mlongo wake alowe m'madzi, ayang'ane, alephere. Tsopano mlongoyo sanalowe n'komwe, ndipo chifukwa chake chinali chikhulupiriro. Mawu anakwera mpaka pakhosi. Akanangoti, "Vala, tiye ukaone." Koma nthawi yomweyo dalaivala anatsegula chitseko n'kunena kuti, "Bwana, tinyamuke, kutsogoloku n'kutali." Liwu lakuti bwana linagwera Lufeyo m'khutu ngati khala la moto. Anameza mawu aja. Elube anasaina, natsanzika, ndipo galimoto inawoloka mlatho womwewo n'kupita.

Chaka chimenecho mvula inafulumira. Msonkhano wa kulikulu usanachitike, kumapiri kunayamba kugwa chimvula, ndipo mtsinje unadzaza ndi madzi ofiira onyamula zitsa ndi nthochi. Mtima wa Lufeyo sunamulole kukhala ku ofesi. M'mawa uliwonse ankapita pa Mkuyu, n'kuima pagombe kuyang'ana mzati wapakati. M'mawa uliwonse ankati, "Lero ndinena." Koma kunena tsopano kunali kudziulula, pakuti madzi anali ambiri ndipo palibe akanakhulupirira kuti wapima lero. Choncho ankabwerera kwawo akuti, "Mawa."

M'mawa wina ali chiimire pagombepo, kunabwera lole yodzaza ndi matumba a feteleza. Pamwamba pa matumbawo panakhala anthu, alimi ochokera kokagula mbewu. Lole itafika pakati, mlatho unalira ngati mtengo waukulu ukamathyoka. Mzati wapakati unatitimira, msewu unapindika, ndipo lole inapendeka n'kukhuthulira anthu ndi matumba mumtsinje.

Lufeyo sanaganize. Anadziponya m'madzi ndi zovala. Anavuula mayi wina, nabwereranso. Anavuula dalaivala wa lole, mwendo utathyoka. Kachitatu anagwira mwamuna wina amene anali atayamba kumira, namukokera m'bango. Mwamunayo anali mlimi, dzina lake Kambalame. Atangotsegula maso anayamba kuitana mkazi wake. Mkaziyo sanaoneke. Anthu a m'midzi ya kumunsi anamupeza tsiku lotsatira, atakodwa m'mizu.

Lufeyo ndi amene anathyola nthambi n'kutseka msewu mbali zonse. A kulikulu atafika, ndi iye amene anawalozera pamene vuto linayambira, ndipo iwo anadabwa ndi kufulumira kwa nzeru zake. Dzina lake linamveka pawailesi.

Boma linakhazikitsa bwalo lofufuza. Linayamba ndi Lufeyo.

Iye anati, "Tsiku limene ndinapima, nsungwi inagunda polimba. Madzi akumba ndi mvula yomweyi."

Panalibe womutsutsa, pakuti mtsinje unali utafafaniza zonse.

Kenako bwalolo linaitana Elube. Wapampando wa bwalolo anamufunsa kuti, "Mayi, musanasaine, munalowa kunsi kwa mlatho?"

Elube akanatha kunama. Amene ankadziwa anali mchimwene wake ndi dalaivala basi, ndipo onsewo sakanamuulula. Koma iye anati, "Sindinalowe."

"Chifukwa chiyani?"

"Ndinadalira mawu a woyendera. Woyenderayo ndi munthu wodziwa ntchito, ndipo sindikumukayikira. Koma boma silinandiike pampando kuti ndizidalira. Linandiika kuti ndiziona. Kaya madzi anakumba liti, ine sindinganene, chifukwa sindinaone. Mlandu wanga ndi umenewo."

Anamuchotsa ntchito.

Atatuluka m'bwalomo, Elube anamupeza mchimwene wake panja, pafupi ndi pomwe amaimika magalimoto. Anamugwira dzanja ndi manja awiri.

"Pepani achimwene," iye anati. "Munandiphunzitsa bwino, koma ndakuchititsani manyazi."

Lufeyo anayang'ana pansi. Anangoti, "Zimachitika."

Pasanapite nthawi, mpando uja unapatsidwa kwa Lufeyo. Anali wamkulu pa oyendera onse, ndiponso anali munthu amene anavuula anthu mumtsinje. Woyamba kumuimbira foni anali Elube. Anati, "Unali wanu kuyambira kale, achimwene." Ndipo ankanena zochokera pansi pa mtima.

Lufeyo anasamukira kumzinda. Anapatsidwa nyumba ya mpanda, galimoto ndi dalaivala. Akalowa mu ofesi anthu ankaimirira. Mayi ake anayamba kutchula dzina lake akamacheza ndi anzawo. Iye anadikira kuti amve kukoma kumene ankakulakalaka kuja. Anadikira mwezi, anadikira chaka. Kukomako sikunabwere.

M'malo mwake kunabwera mantha. Woyendera aliyense akamuuza kuti mlatho uli bwino, Lufeyo ankamuyang'ana m'maso n'kumadzifunsa kuti, kodi ameneyu wandisungira chiyani? Wina akamupatsa moni mwansangala, ankaganiza kuti akufuna mpando. Wachinyamata akaonetsa nzeru pamsonkhano, ankamutumiza kuchigawo chakutali. Ankalowa yekha kunsi kwa mlatho uliwonse, waukulu ndi waung'ono, ndipo akatuluka ankabwereranso kukapima kachiwiri. Akuluakulu ankamuyamikira kuti ndi woyang'anira wakhama amene dziko silinakhalepo naye. Koma anzake sankamukonda, ndipo iye analibe woseka naye. Anaonda. Mkazi wake ankamuyang'ana akudya ngati munthu womwa mankhwala, ndipo ankadabwa kuti chimene anachifuna chija chamudwalitsa bwanji.

Elube anayenda njira ina. Tsiku la maliro a mkazi wa Kambalame, iye anapita. Anthu anamulangiza kuti asapite, koma anapita, nakhala pakati pa amayi. Atamuzindikira, achibale a malemu anamunyoza. Mchemwali wa malemuyo anamuloza chala n'kunena kuti, "Cholembera chanu ndi chimene chapha m'bale wathu." Elube sanadziteteze. Anati, "Ndinayenera kulowa m'madzi, ndipo sindinalowe. Pepani." Anamuthamangitsa.

Patapita milungu anabwereranso. Kambalame sanatuluke m'nyumba. Anabwereranso nthawi yopalira, napeza munda wa malemu utamera udzu. Anabwereka khasu kwa anansi, nalima mpaka dzuwa kupendeka, nachoka osalankhula ndi munthu. Ulendo wina Kambalame anamutumizira madzi akumwa kumundako. Ulendo winanso anatuluka n'kukhala naye pakhonde. 

Pambuyo pake Elube anapeza ntchito yophunzitsa masamu pa sukulu ya sekondale ya m'dera lomwelo. Malipiro anali ochepa, ndipo ankayenda pa njinga. Anthu amene kale ankamutchula bwana anamuiwala. Anthu a pa Mkuyu anayamba kumutchula aphunzitsi.

Zaka zingapo zitapita, boma linamaliza kumanga mlatho watsopano. Tsiku lotsegulira kunali chikhamu cha anthu. Kunali matenti, zokuzira mawu, magule, ndi akuluakulu ochokera kulikulu. Lufeyo anakhala kutsogolo pamodzi ndi alendo olemekezeka. Zolankhula zili mkati, maso ake anayendayenda m'khamumo mpaka anamupeza mlongo wake. Elube anali pamthunzi, pakati pa abale a Kambalame. Ankasenda nzimbe n'kumagawira ana. Mchemwali wa malemu, yemwe uja anamuloza chala, anali atamutsamira paphewa, ndipo awiriwo ankaseka nkhani ina yawoyawo. Lufeyo anayesa kukumbukira tsiku limene iye anasekapo chotero, koma sanalipeze.

Zolankhula zitatha, munthu wina anadutsa pakati pa apolisi atanyamula tambala. Anali Kambalame. Anafika pamaso pa Lufeyo, navula chipewa, nagwada.

"Bwana," iye anati, "moyo ndili nawowu munauvuula ndinu. Ndakhala ndikufuna kukuthokozani, koma kumzinda n'kutali. Landirani kankhukuka."

Lufeyo anati, "Dzukani, bambo. Musandigwadire."

"Ndidzuka," anatero Kambalame. "Koma ndili ndi pempho. Aphunzitsiwa amati simubwera kudzawaona. Ife tikudziwa kuti anakuchititsani manyazi pa ntchito. Koma taonani, amene tinataya munthu ndife, ndipo tinawakhululukira kale. Anabwera okha, ananena okha. Munthu wotero umamusungira chiyani? Inunso akhululukireni, bwana. Ndi mlongo wanu."

Lufeyo anatsegula pakamwa. Anayang'ana nkhope ya mlimiyo, yodzaza ndi ulemu. Anayang'ana akuluakulu amene anali pambali pake, akumwetulira ndi kugwedeza mitu poona munthu wawo akuthokozedwa. Ng'oma zinayamba kulira, ndipo wolengeza anatchula dzina lake kuti abwere adzaime pafupi ndi mlendo wolemekezeka podula riboni.

Anatambasula manja n'kulandira tambala uja.

Poyenda kupita pamlatho, anayang'ananso kumthunzi kuja. Elube anamuona, naimirira, namukupizira dzanja ndi chimwemwe. Pamenepo Lufeyo anamva chinthu chimene ankachidziwa bwino chikumuotcha pachifuwa. Anali atamulanda mlongo wake mpando, galimoto, nyumba ndi dzina. Koma mlongoyo anali ndi chinthu china tsopano, ndipo chimenechi panalibe njira yomulanda. Elube anali munthu wokhululukidwa. Lufeyo anali munthu wothokozedwa, ndipo wothokozedwa palibe amene amaganiza zomukhululukira. Anawoloka mlatho watsopanowo anthu akumuombera m'manja, akuchitirabe nsanje mlongo wake.

Abale anga, fanizoli lathera pamenepo.

Musaganize kuti kaduka kamatha mukalandira chimene mnzanu anali nacho. Kaduka si njala yoti mudya n'kukhuta. Kamangosamuka. Lero kali pa mpando wa mnzanu, mawa kali pa tulo take.

Inu amene mwaikidwa kuyang'anira ena, kaya ndi kuntchito, kaya ndi mumpingo muno, kaya ndi m'banja, lowani m'madzi. Kuonanso pamene mnzanu waona si kumunyoza. Mwina mukumupulumutsa ku chinthu chimene iye mwini walephera kuchinena.

Ndipo iwe amene wakhala chete pamenepo, ngati pali choopsa chimene ukuchidziwa, ndipo ukuchisunga kuti m'bale wako apunthwe, kumbukira kuti panjira imeneyo sadutsapo yekha. Padzadutsa mkazi wa munthu wina amene sanakulakwire kanthu. Kanene lero, pamene kunenako kungakuchotsere ulemu wokha.